Tsegulani Pakamwa Ndione

Sisita Mbewe, bwana wanga woyamba, anandichenjeza yunifolomu yanga isanaone n'komwe sopo. Anati, "Elube, wodwala akakuuza kuti wameza, umuthokoze, umumwetulire, kenako umuuze atsegule pakamwa." Ine ndinaseka, poyesa kuti ndi nthabwala zolandirira alendo. Iwo sanaseke. Mawu amenewa ndayenda nawo mpaka tsiku limene ndinapuma pa ntchito ya unamwino, ndipo inu ana anga ndi zidzukulu mwakula nawo mosadziwa kumene anachokera. Mumanena kuseri kuti agogo sakhulupirira ngakhale wotchi ya pakhoma, kuti munthu akabweretsa nthochi amayamba azitembenuza kaye asanathokoze. Ndimamva, makutuwa sanafe. Ndalemba izi kuti mudziwe kuti khalidweli sindinabadwe nalo, ntchito ndiyo inandiphunzitsa, komanso kuti mudziwe anthu amene ndiyenera kuwathokoza ndisanaiwale maina awo.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, ku Chigwa

Bambo anga, amene anabwera kuno ali pamsana kuchokera ku Mozambiki ndipo anakalambira pa ulonda ku Limbe, anandiperekeza okha pa sitima ulendo wa ku Nsanje. Anandipatsa ambulera yawo, nkuti, "Kumeneko dzuwa limapsereza ngakhale maganizo." Sananame. Chipatalacho chinali chaching'ono, cha mishoni, ndipo masana malata ankalira okha ndi kutentha. Majakisoni tinkawiritsa mu poto, mabandeji tinkachapa n'kuyanika pa waya, mafuta a nyale akatha tinkabwereka kwa aphunzitsi. Anandiika ku wodi ya chifuwa chachikulu. Kumeneko kunali msodzi wina wachikulire, a Semba, munthu waulemu kwambiri, amene ankalandira mapiritsi ndi manja awiri, kuika m'kamwa, kumwera madzi, n'kunena "takhuta" monga athokozera Asena. Anzawo ankanenepa, iwo ankangotha. Ine ndinkawaikira kumbuyo kuti amamwa ndithu, ndimawaona ndi maso angawa.

M'mawa wina Sisita Mbewe anaima pambali panga. A Semba atameza madzi awo, Sisita anati, "Bambo, tatsegulani pakamwa. Kwezani lilime." Mapiritsi anali pomwepo, atayamba kusungunuka. Ena anali m'kansalu komanga m'chiuno, ouma, othimbirira. Mkazi wawo ankatsokomola kumudzi, ndipo mlamu wawo akabwera kudzazonda ankatenga kansaluko. A Semba sanachite manyazi. Anati, "Mukufuna ndichire ndekha, ndikaike mkazi wanga m'manda ine nditanenepa?" Ndinkayembekeza kuti Sisita akalipa. M'malo mwake anakapempha ngolo kwa abusa, ndipo dzuwa lisanalowe mayiyo anali atagona m'wodi ya amayi, ndi mapiritsi akeake. Madzulo ake Sisita anandiuza kuti, "Wakuba umamugwira msanga. Wovuta ndi amene akunamiza chifukwa cha chikondi, chifukwa nkhope yake imakhala yoyera." Ndinagwira nawo ntchito zaka zingapo. Sanandiyamikirepo ngakhale kamodzi, koma tsiku losamuka anandipatsa sizasi yawo, imene ili m'kabati mwanga mpaka lero. Musadulire mapepala.

Ndili ndi zaka za m'ma makumi atatu ndi makumi anayi, ku Blantyre

Nditakwatiwa ndi bambo anu ananditumiza ku chipatala chachikulu cha mu mzinda muno. Tinayamba kukhala ku Ndirande, kenako tinapeza kanyumba kano ka ku Naperi. Zinali zaka zimene matenda a Edzi anatikolola ngati chimanga. Odwala ankagona pabedi, pansi pa bedi ndi m'makonde. Magolovesi tinkatsuka n'kuwayanika m'mawindo, moti wodutsa panja ankaona ngati manja ambirimbiri akumutsazika. Bwana wathu, a Metironi Gondwe, anali ndi chizolowezi chofika mwakachetechete atavala nsapato za mphira, ndipo anamwino achitsikana ankawaopa ngati ng'ona. Ine ndinkawakonda, chifukwa tinali a khalidwe limodzi. Bambo anu atamwalira, ndi iwo amene anandisinthira ntchito kuti ndizigwira masana okhaokha, ndizipezeka pakhomo inu mukamaweruka. Sananene kuti akundichitira chifundo. Anangoti, "Usiku umawodzera, sindikufuna ngozi." Sindinawodzerepo, ndipo iwo ankadziwa.

M'zaka zimenezo mbiri yanga inali yoti Sisita Namakhwa sauzidwa, amakaona okha. Mbiri imeneyi ndiyo inandipezera ntchito ku gulu la akafukufuku limene linkagwira ntchito pambali pa chipatalacho, loyesa mankhwala atsopano. Amene anandiitana anali a Dokotala Chimbalanga, munthu wamfupi, wolankhula motsitsa, amene ankavula magalasi akafuna kuganiza. Anati, "Ndamva kuti simukhulupirira munthu." Ndinati, "Ndimakhulupirira Mulungu, enanu ndimayamba ndaona kaye." Iwo anati, "Ndiye muyambe Lolemba. Inenso muzindiona." Tinagwira limodzi kafukufuku wa malungo, wa chibayo cha ana ndi wina wambiri. M'madera ena ankatithawa kuti ndife anamapopa chifukwa tinkatenga magazi m'timabotolo. Ine sindinkakwiya nazo. Munthu wokayikira mnzanga ndinkamumvetsa, ndinkakhala naye pansi n'kumuonetsa kumene magaziwo akupita.

Zaka ziwiri ndisanapume: matenda achilendo

Kafukufuku wanga womaliza anali wa matenda amene m'zaka zanga zonse ndinali ndisanawamvepo. M'thupi mwa munthu muli asilikali a mitundumitundu. Mtundu wina, umene madokotala amautcha maselo a masiti, ndi umene umachititsa kuti khungu litupe ndi kuyabwa njuchi ikakuluma. Mwa anthu ena, ochepa zedi, asilikali amenewa amachulukana m'mafuta a m'mafupa, pakhungu ndi m'matumbo, ndipo amayamba nkhondo popanda mdani. Kutentha kwa dzuwa, madzi osamba otentha, kukhula thupi ndi mwala, ngakhale mantha chabe, zimawadzutsa. Munthu amatuluka mawanga akuda thupi lonse, amayabwidwa mpaka kudzikanda magazi, amatsegula m'mimba, mafupa amawawa, ndipo nthawi zina pakhosi pamatseka n'kugwa pansi. Akapanda kubayidwa jakisoni msanga, amapita. Mankhwala amene analipo ankangoziziritsa. Atsopanowa ankati amachepetsa asilikaliwo kumene akuswanirana, ndipo ankayesedwa m'maiko angapo nthawi imodzi. Kuno tinapeza odwala oti sangadzaze benchi imodzi.

Kayesedwe kake kanali kotere. Kwa theka la chaka, ena ankalandira mankhwala enieni, ena mapiritsi opanda kanthu, amene odwala ankawatcha a ufa. Onse anali ofanana mtundu, kukula ndi botolo lomwe. Wodwala sankadziwa, ine sindinkadziwa, a Dokotala sankadziwa, ankasankha ndi makina a kutsidya kwa nyanja. Amatero kuti aone ngati amene akuchira akuchiradi ndi mankhwala osati ndi chiyembekezo. Theka la chakalo likatha, aliyense amene wasunga malamulo ankayamba kulandira enieniwo. Lamulo lalikulu linali loti botolo lako ndi lako wekha, ndipo wolakwira lamuloli akhoza kuchotsedwa. Ndinkalifotokoza ndekha, m'Chichewa, pang'onopang'ono, ndipo onse ankagwedeza mutu. Ine kugwedeza mutu sikunandikhutitsepo.

Pa benchi imeneyo panakumana amayi awiri. Woyamba anali Mai Zuze, wogulitsa nsomba zouma mu msika wa Limbe, wamkulu thupi ndi mawu omwe. Anali atagwapo kangapo pakati pa msika, anthu n'kumati ndi khunyu, ena kuti anaponda zoipa, ndipo ogula ankaona mawanga a m'manja mwawo n'kupita pa benchi ya mnzawo. Wachiwiri anali Esinati, telala wachitsikana wosoka pakhonde la sitolo ina ku Ginnery Corner, mayi wa mwana mmodzi, amene mwamuna anamuthawa ati sangagone ndi munthu wokanda usiku wonse. Mafupa ankamuwawa moti sankatha kupalasa makina. Pocheza anapeza kuti onse kwawo ndi ku Nsanje, ndipo agogo awo ankatunga madzi pa dooko limodzi. Basi, kuyambira tsiku limenelo wina anali "mayi", wina "mwananga". Ankabwera limodzi, kubwerera limodzi, kugawana mbatata ya m'kapepala kamodzi.

Patapita miyezi, Mai Zuze anayamba kusintha. Mawanga anazilala, kukanda kunachepa, anabwerera pa benchi yawo ya nsomba. Zikope zinkatupa m'mawa ndipo tsitsi linayamba kumera loyera kumizu, zinthu zimene tinauzidwa kuti mankhwalawo akhoza kuchita. Iwo ankangoseka nazo. "A Sisita, mankhwala anuwa andikalambitsa mutu koma andibwezera utsikana m'miyendo. A Zuze akuti apeza agogo othamanga." Esinati sanasinthe ngakhale pang'ono. Tsiku lina ndikumutenga magazi anandifunsa motsitsa, "A Sisita, ine munandipatsa a ufa, eti?" Ndinati sindikudziwa, ndipo chinali choonadi. Koma maso tinali nawo tonse.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mai Zuze anafika akukanda m'khosi, nthabwala zitachepa. Esinati anafika zikope zili zotupa, akumwetulira, akuti wasoka mayunifolomu a sukulu sabata yonse osapuma. Mabotolo awo anabwera ndi mapiritsi otsala oyenera ndendende. A Dokotala anati matendawa amakwera ndi kutsika okha, tione mwezi wamawa, ndipo kunena kwawo kunali koona. Koma ine chinandivuta ndi chakuti wina watsika pa nthawi imene wina wakwera, ngati ana awiri pa thabwa limodzi. Ndinafunsa Mai Zuze ngati akumwa bwino. Anandiyang'ana m'maso ndi nkhope yoyera, nkuti, "Tsiku lililonse, a Sisita, Mulungu ndi mboni." Nkhope imeneyo ndinali nditaionapo ku Chigwa.

Tsiku limene analandira mabotolo atsopano, ndinavala juzi pamwamba pa yunifolomu n'kuwatsata chapatali mpaka ku Ginnery Corner. Sanakwere minibasi. Analowa kuseri kwa sitolo imene Esinati ankasokera, kumene amataya tizidutswa ta nsalu. Nditasuzumira, ndinawapeza atayala chitenje pansi, milu iwiri ya mapiritsi ili pakati pawo. Mai Zuze ankatapa theka la mulu wawo kukankhira kwa Esinati, n'kukoka theka la mulu wa Esinati kubweretsa kwawo, bwinobwino ngati akugawa usipa. N'chifukwa chake mabotolo ankakwanira.

Esinati anaphimba ndi manja. Mai Zuze sanadzidzimuke n'komwe. Anati, "A Sisita mwatipeza. Khalani pansi, mwayenda mtunda."

Ndinati, "Mai Zuze, mukudziwa chimene mukuchitachi?"

"Ndikudziwa. Kwathu madzi akasefukira, iwe uli m'bwato, mnzako ali mumtengo, sufunsa mwini bwato ngati pali malo. Umangosendera."

Ndinawafotokozera kuti mankhwalawo si mbatata. Amatha kuchepetsa zoumitsa magazi, munthu n'kukha magazi m'mutu, ndipo dokotala amamuteteza pokhapokha akudziwa zimene wamwa. Ndinati theka la mankhwala likhoza kusiya onse awiri pakati pa madzi. Ndinatinso kuli anthu m'maiko ena, odwala ngati iwo, amene akudikira yankho la kafukufukuyu, ndipo yankho lochokera ku Blantyre likhala labodza: lidzati mankhwala enieni amasiya kugwira ntchito, a ufa ndiwo amachiza.

Mai Zuze anati, "Anthu a kunjawo ndimawadziwa ine? Ndinadyako kwawo? Uyu ndikumudziwa. Mwana wake amanditcha agogo."

Esinati anagwira mkono wa juzi yanga. "A Sisita, chonde musakanene. Kwatsala pang'ono kuti tonse tiyambe enieniwo. Mukakanena atichotsa. Ine ndilibe kanthu, koma mayiwa mwaona mmene amagwera. Adzafa chifukwa cha ine. Tisiya lero lomwe, palibe adzadziwe."

Linali Lachisanu. Ndinawalanda mabotolo onse awiri, chifukwa panalibenso wodziwa kuti piritsi ili ndi liti, ndipo ndinawauza kuti tionana Lolemba.

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinasenzepo katundu wolemera ngati mabotolo awiri amenewo. Ndikanatha kukhala chete. Panalibe wina anaona, ndipo amayiwo akanandikonda mpaka imfa. Koma ndinkadziwa kuti "tisiya lero" ndi mawu a munthu wachikondi, ndipo Esinati akadzayambanso kukanda, chitenje chija chidzayalidwanso pamalo ena amene sindidzawapeza. Ndikanena, mwina ndawatsekera khomo la mankhwala okhawo amene anawathandizapo. Lamulungu kutchalitchi ndinkangotsegula pakamwa, nyimbo osatuluka. Pobwerera, ndikukwera kamtunda ka ku Naperi kuno, ndinakumbukira a Semba, ndipo ndinaona chimene ndinkachiiwala pa nkhani ija. Sisita Mbewe sanathere pa kukweza lilime la mkuluyo. Anakapempha ngolo. Kugwira munthu ndi theka chabe la ntchito.

Lolemba m'mawa ndinayamba ndapita kwa eni ake. Ndinawauza kuti ndikukanena, ndipo ndi bwino tipite limodzi. Esinati anatembenukira ku makina ake. Mai Zuze anamanga chitenje, nkuti, "Tiyeni. Mlandu wanga sungandiyendere kumbuyo." Mu ofesi anafotokoza okha zonse, osachotsa kapena kuwonjeza. A Dokotala Chimbalanga anavula magalasi. Kenako anati, "A Sisita, mukudziwa kuti izi sindingazisunge. Ndiyenera kuuza eni mankhwala ndi a komiti yoteteza odwala, ndipo mpaka ayankhe, amayiwa salandira kalikonse ka kafukufuku." Ndinati ndikudziwa, koma polemba muwauzenso kuti pali namwino amene akulonjeza kuti akawalola kupitiriza, piritsi lililonse lidzamezedwa iye akuona, tsiku ndi tsiku, Lamulungu lomwe. Anandiyang'ana. "Limbe ndi Ginnery Corner, m'mawa uliwonse, ndi mawondo anuwo?" Ndinati mawondowo ndi anga. Analemba, anaimba mafoni, ndipo ndinkawamva kuseri kwa chitseko munthu wofatsa uja akukweza mawu m'Chingerezi, kufotokozera anthu amene sanaonepo bwato chifukwa chimene mayi wogulitsa nsomba anachitira zimenezi.

Yankho linachedwa, ndipo inali nyengo ya dzuwa lija la mvula isanagwe. Mai Zuze anabwerera pa mankhwala akale oziziritsa, amene sankawakwanira. Masana ena, mu msika mukutentha ngati mu uvuni, anagwa pakati pa madengu, pakhosi patatseka. Chimene chinawapulumutsa ndi kusakhulupirira kwanga komwe mumadandaula nakoku. Aliyense wa odwalawa tinkamupatsa jakisoni woti azidzibaya pantchafu zikavuta, koma ine sindinakhulupirire kuti munthu amene akukomoka angadzibaye yekha. Kafukufuku atangoyamba ndinali nditapita ku msikako kukaphunzitsa mayi wogulitsa tomato pafupi nawo, ndipo ndinamubwereza mpaka anatopa nane. Ndi amene anasolola jakisoniyo m'chikwama n'kubaya, nsalu ili pomwepo. Anafika nawo kuchipatala akupuma.

Ku wodi ndinakumana ndi amuna awo, a Zuze, mlonda wa pa fakitale ina, atagwira chipewa m'manja. Sanakalipe. Anati, "Ndinu a Sisita aja munakanena?" Ndinavomera. Anati, "Anthu mumawauza atsegule pakamwa. Panupo mukanatseka, mkazi wanga akanakhala ali ku msika." Mai Zuze ali pabedi, mawu atasasa, ndi amene anati, "A Zuze, asiyeni. Anandiuza pamaso, sanandidye kuseri." Esinati anabwera ndi phala, anandidutsa ngati ndine mzati.

Mvula yoyamba itagwa, yankho linafika. Zotsatira za amayi awiriwa za m'miyezi yosakanizayo zinaikidwa pambali, ndipo analembapo mawu olimba otidzudzula tonse. Koma onse awiri anawalola kulowa gawo lachiwiri, la mankhwala enieni, malinga ngati wachipatala aziona piritsi lililonse likumezedwa. A Dokotala anandiwerengera ataimirira, kenako anakhala pansi n'kupempha tiyi.

Chaka changa chomaliza pa ntchito

Chaka chimenecho ndinachithera pa msewu. Ndinkadzuka kusanache bwino, kutsika wapansi mpaka ku Ginnery Corner, kenako minibasi ya ku Limbe, kenako ina yobwerera ku ntchito. Mabotolo ankagona m'chikwama changa, ndipo chikwamacho sindinkachipereka kwa kondakitala ngakhale minibasi itadzaza chotani. Oitanira pa siteji anandizolowera, ankangoti, "Asiyireni kutsogolo agogo a chikwama." Ku Limbe zinali zosavuta. Mai Zuze ankameza, kutsegula kukamwa konse pakati pa msika, lilime panja, n'kuuza anzawo, "Taonani, boma landilembera wantchito woona mano." Ogula anabwerera, ena ankangobwera kudzaonerera.

Ku Ginnery Corner kunali kozizira. Esinati ankalandira piritsi, kumeza, kutsegula pakamwa akuyang'ana kumbali, n'kubwerera pa makina. Moni ankayankha ndi mutu. Ine sindinamukakamize. Miyezi inapita, mawanga ake anazilala, phazi lake linayamba kuthamanga pa chopalasira, ndipo tsitsi lake, mtsikana wamng'ono, linayamba imvi. M'mawa wina nditatseka chikwama kuti ndizipita, anati, "Taimani." Anachotsa tepi m'khosi mwake n'kuyamba kundiyeza mapewa. "Kwezani manja. Diresi la kutchalitchi limene ndinakuonani nalo lija ndi la m'nthawi ya atsamunda." Ndinati, "Ndiye kuti wandikhululukira?" Iye, mapini ali pakamwa, anati, "Sindinanene zimenezo. Ndikungokusokerani." Ndi diresi lobiriwira lija ndinavala pa tsiku londitsazika ku ntchito, limene nonse munafunsa kuti ndagula kuti.

Za kafukufuku yenseyo sindine woyenera kunena, alipo amene analemba. Ine ndikudziwa za anthu awiri. Sanachiriretu, matendawa sachoka, ndipo jakisoni uja amayendabe naye. Koma wina ali pa nsomba zake, wina pa makina ake, ndipo a Dokotala Chimbalanga anamenya nkhondo ina yaitali kuti mankhwalawo asawathere kafukufuku atatha. Nditapuma, a komiti anavomera kuti amayiwa azimwa okha. Amamwa. Ndinakafufuza.

Tsopano, ku Naperi

Ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti ndinali ndi mwayi wa mabwana. Sisita Mbewe anandipatsa maso. A Metironi Gondwe anandibisira chifundo m'mawu okalipa kuti ndisachite manyazi. A Dokotala akanatha kungochotsa maina awiri n'kupitiriza ntchito yawo mwamtendere, koma sanatero. Ndikuthokozanso mayi wa tomato uja, amene dzina lake lenileni sindinalidziwe, tonse tinkangoti Make Chisomo. Ndipo ndikuthokoza Mai Zuze, amene anandinamiza akundiyang'ana m'maso, ine n'kuwanenera, iwo n'kutsala pang'ono kufa, koma sanandisiye.

Amabwera kuno Lachitatu likakhala lopepuka ku msika, ndi kaphukusi ka nsomba. Ndimazinunkhiza kaye, iwo amadziwa ndipo amadikira. Mwezi wathawu anandipeza nditakhala pakhonde, miyendo itatupa. Inu mukudziwa kuti a chipatala anandipatsa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi. Chimene simukudziwa ndi chakuti amandipititsa kuchimbudzi pafupipafupi, ndiye tsiku la tchalitchi, la maliro kapena la ulendo wa m'tauni ndimawadumpha, ndipo masiku oterewa achuluka. Mai Zuze anandifunsa ngati ndamwa. Ndinati ndamwa. Analowa m'nyumba mwanga ngati mwawo, anatuluka ndi piritsi ndi kapu ya madzi, anaima patsogolo panga manja ali m'chiuno mpaka ndinameza. Kenako anati, "A Sisita, tatsegulani pakamwa. Kwezani lilime."

Ndinakweza.

Ndiye ana anga, inu a ku Lilongwe, inu a ku Joni, ndi iwe wa ku Chilomoni amene uli pafupi koma umabwera ngati mwezi: mukandiimbira foni ndimati ndili bwino, ndadya, ndamwa mankhwala. Ndimatero kuti musade nkhawa, musasiye ntchito zanu, ndipo mawu anga amamveka oyera. Mwawerenga nkhani yonseyi, mukudziwa tsopano kuti wonamiza wa mtundu umenewu ndiye wovuta. Mai Zuze ali ndi msika wawo ndi matenda awo, sangandilondere okha. Musandikhulupirire. Bwerani mudzaone, kapena tumani munthu wa maso. Geti limakhala lokhoma, mugogode kwambiri ndipo mutchule dzina, chifukwa sinditsegulira munthu amene wangoti "ndine".